Chithunzi cha pa Mlambe Wong'ambika

1. Chala chotopa

Ku Msumba, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja moyang'anizana ndi Likoma, aliyense ankadziwa kuti wojambula zithunzi ndi a Bartolomeyo. Chimene ambiri sankadziwa n'chakuti m'zaka za nkhondo zija maso a mkuluyo anali atachita ng'ala, ndipo amene ankajambuladi anali mwana wawo Rakele.

Munthu akabwera kudzafuna chithunzi cha pa chiphaso, a Bartolomeyo ankamukhazika pa mpando, kumukonza kolala, n'kumuuza kuti asaphethire. Akatero ankatsokomola pang'ono n'kunena kuti, "Mwana, tadina iwe, chala changa chatopa." Chalacho chinatopa chaka chathunthu, koma palibe anafunsa.

Rakele anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sukulu anailekera panjira aphunzitsi ake atathawira ku Likoma, choncho nzeru zake zonse anazithira pa makina ojambulira a atate ake. Luso anali nalo, zimenezo tisamunamizire. Vuto lake linali lakuti nayenso ankadziwa kuti ali nalo.

Makinawo anali akale, okhala ndi maso awiri ochita kusinthanitsa, amene a Bartolomeyo ankawatchula kuti malenti. Lenti yaifupi inali yadyera. Inkameza chilichonse chimene chili patsogolo pake, munthu, nyumba, nkhuku ndi phiri lomwe, zonse n'kuoneka bwinobwino. Koma ukaiyandikiza kumaso kwa munthu inkamutupitsa mphuno ngati mbatata. Lenti yaitali inali yaulemu. Inkafuna kuti wojambula abwerere m'mbuyo ndithu, ndipo inkatenga nkhope yokha, zakumbuyo n'kuzisandutsa nkhungu. Panalinso fulashi, kanyali kong'anima kamodzi n'kuzima, kamene kankadya mabatire osinthanitsa ndi usipa kwa amalonda a pa nyanja.

Panyumbapo panali chinsinsi china choposa cha maso. Basilio, mlongo wake wamkulu wa Rakele, anagwidwa ali kumunda ndi anthu amfuti a m'mapiri. Patapita miyezi anawathawa, n'kutulukira kwa amalume ake ali mafupa okhaokha. Amfutiwo sankakhululukira wothawa, chifukwa wothawa amadziwa njira ya ku msasa wawo.

Choncho Basilio sanalowe n'komwe m'mudzi. Anamubisa m'phanga lina kumpoto, kumene miyala imagwera m'madzi. Kumeneko ankamata bwato lakale la amalume ake, kudikira kuti mphepo ya mwera ileke kuti awolokere ku Likoma. Anthu anauzidwa kuti mnyamatayo anafera kuthengo, ndipo anabwera kudzapepesa maliro.

Tsiku lomwelo a Bartolomeyo anauza Rakele kuti asonkhanitse zithunzi zonse zokhala ndi nkhope ya Basilio, ngakhale cha ubatizo, n'kuziponya pamoto. Amake ataona zithunzizo zikupsa analira kwambiri, moti opepesa aja sanakayikire kanthu.

2. Joaquina

Rakele anali ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, dzina lake Joaquina. Iyeyu anachokera kumtunda ku Maniamba, kumene nkhondo inawathamangitsa m'minda yawo ya chimanga ndi chinangwa. Anafika ku Msumba ndi amake okha, chifukwa mlongo wake wamng'ono, Vasco, amfuti anamutenga panjira.

A Bartolomeyo anawapatsa kanyumba ka kuseri. Koma Joaquina nthawi zambiri ankagona kwa Rakele, pa mkeka umodzi, akufunda chitenje chimodzi. Ankalukana tsitsi, kusekana mapazi, ndipo Rakele ankamusimbira za ntchito yake mpaka mnzakeyo kuyasamula.

Basilio asanagwidwe, iye ndi Joaquina ankafunana. Iwo ankayesa kuti abisa, pamene mudzi wonse unali utawerengera kale mbuzi za ukwati. Choncho uthenga wa maliro utamveka, Joaquina analeka kudya. Ankangokhala pagombe kuyang'ana madzi, khosi likuonda tsiku ndi tsiku.

Rakele zinamukanika kupirira. Iye ndiye ankapititsa chakudya kuphanga, akunamizira kutola nkhuni, ndipo pobwerako ankapeza mnzake akulira munthu amene iye wangomusiya akudya chinangwa chootcha. Tsiku lina akutsuka mbale kunyanja anamunong'oneza zoona zake. Joaquina anataya mbale m'madzi, namukumbatira, nalumbira pali amake kuti sadzauza munthu. Rakele anasangalala poona mnzake wayambanso kudya. Akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali, koma mwambi umenewu mwana amaumvetsa mochedwa.

Patapita masabata angapo, Joaquina anayamba kukhala chete mwa mtundu wina. Kenaka m'mawa wina, akupeta mpunga, anatulutsa pempho lake.

"Rakele, achimwene ako akawoloka, ine nditsala ndi chiyani? Atate ako anaotcha zonse. Undijambule nawo kamodzi kokha. Chithunzicho ndizichimangirira m'chiuno, sadzachiona munthu."

Rakele anakana. Anati atate ake atamva akhoza kumulanda makina, ndiponso nkhope ya Basilio siyenera kukhala pa pepala. Joaquina sanaumirire. Anangopitiriza kupeta, n'kunena motsitsa mawu kuti mwina n'zoona, ndipo mwinanso m'phanga mwamdima muja nkhope siingatuluke, chifukwa ntchito yotero imafuna a Bartolomeyo a kale, maso ali bwino.

Joaquina ankadziwa pamene pamamuyabwa mnzake. Dzuwa lisanafike pamutu, Rakele anali atavomera.

3. Mawu a atate

Kwa atate ake Rakele ananena kuti waitanidwa kukajambula khanda kumapeto kwa mudzi. A Bartolomeyo anali pakhonde, akuwotha dzuwa. Anamuuza kuti abweretse chikwama cha makina, ndipo anapisamo dzanja, kufufuza ndi zala monga amachitira anthu osaona. Anapezamo malenti onse awiri ndi fulashi yomwe.

Anafunsa kuti khanda linayamba liti kufuna lenti yaifupi. Rakele anayankha kuti agogo a khandalo akufuna banja lonse lioneke. Mkuluyo anakhazika chikwama pa miyendo.

"Khala pansi, mwana wanga, khanda silithawa," anatero. "Ine ntchito iyi ndinaiyamba iwe usanabadwe. Nthawi imeneyo munthu ankabwera atavala jekete n'kunena kuti, a Bartolomeyo, njinga yanga ioneke, mbuzi zanga zioneke, denga langa la malata lioneke. Lenti yaifupi inkagwira ntchito masiku amenewo, chifukwa munthu ankanyadira zimene zili kumbuyo kwake. Lero zinthu zinatembenuka. Lero chimene chili kumbuyo kwa munthu ndicho chimamuphetsa. Nkhokwe ikaoneka, abwera kudzatenga chimanga. Bwato likaoneka, abwera kudzatenga bwato. Phiri likaoneka, adziwa pamene munthuyo amagona.

"N'chifukwa chake ndimakuuza kuti pa nkhondo pano uzijambula ndi lenti yaitali, munthu ataima pa khoma kapena pa nsalu. Tenga nkhope, dziko ulisiye. Ndipo fulashi usamaiseweretse. Mdima nthawi zina ndi chofunda cha munthu, iwe ukauthamangitsa ndiye kuti wamuvula. Mnzako ukhoza kumulumbiritsa, koma pepala sungalilumbiritse. Lichoka m'manja mwako lipita m'thumba, lichoka m'thumba lipita kumene iwe sunapondeko, ndipo kumeneko likanena zonse zimene linaona. Silisankha womuuza.

"Ine maso anga anatha, sindingaone zimene ukujambula. Dzina lili pa ntchito imeneyi ndi langa, koma maso ndi ako. Ukandinamiza sindidziwa lero, koma tsiku lina tidzadziwa tonse, ndipo tsiku limenelo kupepesa sikudzathandiza."

"Ndamva, atate," anatero Rakele.

Inali ndamva ija ya ana, yongotsekera nayo pakamwa munthu wamkulu. Anatenga chikwama, nachiika pansi pa dengu, pamwamba n'kuikapo chinangwa. Joaquina ankamudikira kuseri kwa tchalitchi.

4. M'phanga

Phangalo linali laling'ono, loti munthu akalowa masitepe ochepa wagunda kale mwala wakumapeto. Khomo lake linayang'ana kagombe kobisika, ndipo tsidya la kagombeko panali mlambe umene mphezi inaung'amba pakati kalekale. Msodzi aliyense wa m'mbali imeneyo ankaudziwa mlambewo, koma kuchokera kumeneko phanga silinkaoneka pokhapokha munthu atadziwa poyang'ana.

Basilio ataona Joaquina anaimirira msanga mpaka kugunda mutu padenga la phanga. Manyazi anamugwira chifukwa cha malaya ake ong'ambika, ndipo anathamangira kunyowetsa tsitsi ndi madzi a m'chikho. Ataona makina nkhope yake inasintha. Anafunsa Rakele ngati atate akudziwa. Rakele asanayankhe, Joaquina anamugwira dzanja mnyamatayo, ndipo funso linathera pomwepo.

Poyamba Rakele anachita monga anaphunzitsidwira. Anaika lenti yaitali, nawauza kuti aime pa mwala wakumapeto, iye aime kukhomo. Pakanatero kumbuyo kwawo kukanangokhala mdima, ndipo chithunzicho chikanatha kukhala cha kulikonse.

Joaquina anakana. "Ndiziwakumbukira ali kudzenje ngati mbira? Tiime pakhomo, powala, tioneke thupi lonse ngati anthu."

Basilio anaseka n'kuvomereza. Anaima pakhomo, misana atalozetsa kunja, ndipo Rakele analowa m'kati mpaka msana wake unagunda mwala. Atasuzumira m'makina anangoona khutu la Basilio ndi tsaya la Joaquina. Lenti yaitali inkafuna kuti abwerere m'mbuyo, koma kumbuyo kunalibe kobwerera.

Anatsitsa makina, napisa m'chikwama, natulutsa lenti yaifupi. Anaigwira m'manja osaiika. Mawu a atate ake anali asanazizire m'makutu mwake, ndipo ananena kuti mwina ndi bwino abwerere ku mwala kuja.

"Ngati sizitheka basi, tisavutike," anatero Joaquina. "Ine ndimayesa umatha."

Rakele anachotsa lenti yaitali, naika yaifupi.

Tsopano zonse zinalowa: anthu awiri, khomo la phanga, madzi, miyala ya pagombe, ndi mlambe uja uli chiimire pamwamba pa phewa la Basilio. Koma panali vuto lina. Kunja kunali dzuwa lowala kwambiri, ndipo nkhope zawo zinali mumthunzi. Rakele ankadziwa kuti akalowetsa kuwala kwambiri m'makina kuti nkhope zioneke, kunja konse kuyera mbee, mlambe ndi miyala n'kufufutika. Umenewu unali mwayi wake wachiwiri wobisa malowo, ndipo anauona.

Koma chithunzi choyera kumbuyo ndi cha wophunzira kumene, ndipo Rakele sankafuna kuti munthu adzanene kuti iye ndi wophunzira. Anachepetsa kuwala kolowa m'makina kuti kunja kutuluke bwino. Kenaka analumikiza fulashi, naikuta ndi mpango wake woyera kuti kuwala kusamenye nkhope koma kuzisisita. Imeneyi inali nzeru ya atate ake, ndipo anaigwiritsa ntchito mosalakwitsa.

Anadina. Phanga linang'anima, mileme inabalalika, ndipo Basilio anaseka kuseka kumene Rakele anali asanakumve chigwidwireni mlongo wakeyo. Rakele anabwerera kwawo mtima uli mbee.

5. Chithunzi chokongola

Anatsuka chithunzicho m'kachipinda kamene mawindo ake anatsekedwa ndi mabulangete. Pepala litakhala m'beseni la mankhwala, nkhope zinayamba kutuluka pang'onopang'ono, ndipo Rakele anagwira pakamwa.

Chinali chithunzi chabwino koposa zonse zimene anajambulapo. Chipsera cha pa chipumi cha Basilio chinkaoneka. Mikanda ya m'khosi mwa Joaquina ukanatha kuiwerenga. Mphuno sizinatupe, chifukwa anaima patali moyenera. Ndipo kumbuyo kwawo mlambe unatuluka ndi mng'alu wake wonse, pamodzi ndi miyala iwiri yoyang'anizana ya pagombe.

Chinamupweteka chinthu chimodzi chokha. Munthu amene akanamvetsa kukoma kwa ntchito imeneyi anali atate ake, ndipo ameneyo ndi amene sakanatha kumuuza. Atatuluka, a Bartolomeyo anafunsa kuti khanda latuluka bwanji. Rakele anati linalira nthawi yonse, chithunzi sichinakome. Mkuluyo anangogwedeza mutu n'kunena kuti makanda ndi otero.

Joaquina anachilandirira chithunzi cha kuphanga chija kuseri kwa tchalitchi. Anachiyang'ana kanthawi kochepa, nachikulunga m'kansalu, nathokoza maso ali pansi. Rakele ankayembekeza kuyamikiridwa kwambiri, ndipo anakhumudwa pang'ono, koma anaganiza kuti ndi chikondi chamutseka pakamwa mnzakeyo.

Kuyambira tsiku limenelo Joaquina analeka kudzagona kwa Rakele. Anati amake akumva m'chifuwa ndipo akufunika wowayang'anira. Rakele anawaphikira phala amayiwo n'kukawapatsa, ndipo anadabwa kuwapeza akuwaza nkhuni.

6. A Mwinyi

Patapita masiku, mwera unaleka. M'mawa umenewo Rakele ankayanika usipa pa thandala, mtima uli kwa mlongo wake amene tsopano akanatha kuwoloka. Ali pomwepo anafika a Mwinyi, msodzi wachikulire wa ku Chiwanga, mnzawo wakale wa a Bartolomeyo. Ankakankha njinga, thukuta lili kamukamu. Sanapite kunyumba monga mwa masiku onse. Anamuitanira Rakele pambali.

"Mwana wanga, ndikuuze ndipo usandiyankhe," anatero. "Dzulo pagombe pathu panafika munthu wogula usipa. Usipa sanaugule, ndipo mitengo sankaidziwa. Anali ndi chithunzi, akuonetsa asodzi n'kumafunsa kuti mlambe uwu uli kuti. Ine ndinamuuza kuti milambe yong'ambika ndi yambiri m'dziko muno. Koma pagombe pali anyamata amene ndudu imodzi imawatsegula pakamwa, ndipo lero munthu uja sanaonekenso.

"Nkhope ya pachithunzipo ndinaizindikira. Ndi ya mnyamata amene ndinabwera kudzapepesa maliro ake. Sindikufunsa kanthu, pa nkhondo aliyense ali ndi maliro ake abodza. Koma dzanja lojambula chonchija m'mbali muno ndi limodzi, ndipo si la mnzanga Bartolomeyo, amene amandipatsa moni ndi dzina la munthu wina. Ngati pali woti achoke pamene ali, achoke lero."

Rakele anafunsa ngati pachithunzipo panali mtsikana. A Mwinyi anati mbali imodzi inali yodulidwa ndi lumo. Panangotsala dzanja la munthu wamkazi pa phewa la mnyamatayo.

Rakele anamupeza Joaquina kuseri kwa kanyumba kawo akusinja chinangwa. Rakele anamuuza kuti atulutse chithunzi. Joaquina anati chili m'nyumba. Kenaka anati chinagwera m'madzi. Kenaka anaika munsi pansi, nakhala pa dothi, nayamba kunena.

Anati munthu wogula usipa uja anamupeza kuchitsime masabata apitawo, atanyamula kabudula wa Vasco, yemwe amake anamusoka okha. Anamuuza kuti mwanayo ali moyo, amanyamulira amfuti katundu, koma mapazi ake atupa, ndipo amene walephera kuyenda amamusiya panjira. Ankadziwa kuti Basilio anathawira kunyanja, ndipo ankadziwanso amene ankafunana naye. Anati akawathandiza kumupeza, Vasco abwerera kwa amake.

"Sindikanatha kuwatsogolera ndekha, mudzi wonse ukanandiona," anatero Joaquina. "Ndipo mawu anga anawakana. Anati akufuna nkhope ndi malo."

"Ndiye zoima pakhomo pa phanga zija?" anafunsa Rakele.

"Anati kumbuyo kuoneke."

"Unadziwa bwanji kuti kuoneka?"

Joaquina anapukuta mphuno ndi chitenje. "Unandiphunzitsa wekha, pa mkeka. Unati yaifupi imatenga zonse."

Akanakhala kuti mnzakeyo waba chithunzi, bwenzi Rakele atangokwiya. Koma Joaquina sanabe kanthu. Anabwereka manja a Rakele, maso ake ndi kunyada kwake, n'kugulitsa nazo mlongo wake, ndipo Rakele anachita kuzipereka yekha akusekerera. Zimenezi zinamupweteka koposa mkwiyo.

"Misozi ija inali yabodza?"

"Misozi inali yoona, Rakele. Ndimawakonda. Koma Vasco ndi mwana."

"Nanga Vascoyo ali kuti?"

Joaquina anayang'ana ku njira yochokera kumapiri, imene anakhala akuiyang'ana chiperekereni chithunzi, ndipo m'njiramo munalibe munthu.

7. Bwato lakonzeka

Rakele sanapite kwa atate ake. Panalibe nthawi, ndiponso analibe nkhope yoonekera nayo ngakhale kwa munthu wosaona. Anamanga chitenje m'chiuno, nathamanga kulowera kumpoto. Njira yapamtunda anaisiya, nadzera m'miyala ya m'mphepete mwa madzi, imene inamucheka mapazi.

Anafika dzuwa lili pamutu. Basilio anali pagombe, akupukuta manja pa malaya, bwato lili pambali pake litamatidwa bwinobwino. Atamuona mlongo wake anamwetulira, namuuza kuti aone ntchito ya amuna, bwato silikudonthanso ndipo nyanja yagona.

"Achimwene, kwerani muzipita pompano," anatero Rakele akupuma movutikira. "Akubwera."

Anamufotokozera zonse osabisa: za a Mwinyi, za munthu wogula usipa, za lumo, za kabudula wa Vasco. Ananenanso za lenti yaifupi ndi fulashi, ndi kuti atate anamuletsa koma iye sanamve. Polankhula anali atagwira kale bwato, akulikankhira kumadzi.

Basilio anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anagwira bwatolo mbali inayo, naliimitsa.

Anati Rakele wamva molakwa. Anati zithunzi zimagwa, zimabedwa, ndipo mtsikana wamantha akhoza kuvomera mlandu umene sanapalamule. Munthu amene anapulumuka m'manja mwa amfuti chifukwa chokayikira aliyense, lero anakana kukayikira munthu mmodzi. Ndipo anaulula chimene Rakele sankachidziwa. Bwato linali litakonzeka dzulo, ndipo akanatha kuwoloka m'mamawa. Koma Joaquina anabwera yekha kuphangako masiku apitawo, namupempha kuti asawoloke osamutenga. Anamulonjeza kuti mwera ukangoleka afika ndi kamtolo kake, apitire limodzi.

"Sabwera, achimwene. Ndamusiya wakhala pa dothi pafupi ndi mtondo. Anakuuzani zimenezo kuti musachoke."

"Iwe sukumudziwa."

"Ndimagona naye pa mkeka umodzi."

"Ine ndinamulonjeza," anatero Basilio. Anaika nkhafi pansi, nakhala pamphepete pa bwato, napinda manja. "Akabwera yekha kudzandiuza zimenezo m'maso muno, ndikhulupirira. Mpaka pamenepo ndimudikira."

Rakele anagwada m'madzi, namugwira miyendo, namuchonderera m'dzina la amayi awo. Basilio anamusisita mutu ngati mwana, maso ake ali ku njira imene Joaquina akanadzera.

Rakele ndiye anayang'ana mbali inayo. Tsidya la kagombe, pansi pa mlambe, panali pataima anthu ovala mosiyanasiyana, mfuti zili kumsana. Sankafulumira. Wakutsogolo anali atanyamula kapepala m'mwamba, akuyang'ana kapepalako, n'kuyang'ana miyala, n'kusuntha pang'ono, n'kuyang'ananso. Kenaka anasiya kusuntha, ndipo anatambasula dzanja kuloza kuphanga.